Dishi ya Bwana Makwinja

Lachiwiri, pa denga la ofesi

Nati yachitatu inali itachita dzimbiri. Ndinaithira mafuta, ndinakoka sipanala, inalira n'kumasuka. Pansi, a Makwinja anatuluka mu ofesi foni ili m'manja.

"Ndani ali pa denga?"

"Ndine, bwana."

"A Chavula, intaneti yathima."

"Ndathimitsa ndine."

"Mukukonza?"

"Ndikuchotsa."

Anabwerera chafutambuyo kuti andione bwino, dzanja lili pamphumi. A Makwinja anali mkulu wa pulojekiti yathu, munthu wa ku Mulanje, wovala tayi ngakhale m'kutentha kwa Novembala. Ine ndinali wokwera milongoti. Anafunsa kuti wandituma ndani. Ndinati palibe. Anati nditsike. Ndinati kwatsala nati imodzi.

Ana anga, nkhaniyi mwaimva kwa anthu ambiri, aliyense atathira mchere wake. Ndailemba m'Chichewa chifukwa adzukulu anga a ku Lilongwe m'Chitumbuka chathu amangodziwamo yewo, mawu othokozera. Kuti mumvetse chimene ndinachotsera dishi ya intaneti ya bwana wanga masanasana, ndiyambire pa njinga.

Zaka za njinga

Sukulu ndinalekezera Sitandade 8. Ntchito yanga yoyamba inali ya umesenjala pa chipatala chachikulu cha pa Boma. Anandipatsa khaki, chikwama chachikopa ndi njinga yakuda yopanda mabuleki akutsogolo. Ndinkanyamula makalata, koma katundu weniweni anali maenvelopu a ku labu. Zipatala zing'onozing'ono za kumidzi zinkatumiza magazi kuti akayezedwe, ndipo zotsatira zinkayenera kubwerera komwe magazi achokera. Galimoto inalipo. Mafuta ndiwo ankasowa. Maenvelopu ankaunjikana m'katoni kudikira ulendo, ndipo katoni ikadzaza ankati, "Chavula, njinga." Ndinapalasa chigwa chonse cha Nkhamanga, kudutsa Bolero, kufika Katowo. Kuseri kwa Katowo kuli kachipatala ka Chibanjala, komalizira penipeni. Njira yake ili ndi chitunda chimene njinga umachita kukankha. Pamwamba pa chitundacho, chakumbali, pali thanthwe lalikulu limene anthu amati la anyani. Ndinkapuma pamenepo. Ukakhala pathanthwepo umaona malata a Chibanjala kutsogolo, ukacheuka umaona phiri ndi chigwa chonse kumbuyo. Nthawi imeneyo sindinkaganiza kuti zimenezi zili ndi ntchito. Ndinkangodya mbatata yanga.

Tsiku lina ndinafika ku Chibanjala ndi maenvelopu. Namwino wa nthawiyo anatsegula imodzi, anawerenga dzina, anaipinda. Anati, "Uyu tinaika sabata yatha." Anali mwana. Pepala linanena matenda ake, ndipo mankhwala a matendawo anali m'kabati kumbuyo kwa namwinoyo. Bambo wa mwanayo, a Luhanga, anali pakhonde. Anamva zonse. Ndinayembekeza kuti anditukwana. Anandiyang'ana thukuta, anati, "Mwatopa, adada. Tiyeni mukamwe madzi." Titamwa ananditengera ku manda, m'nkhalango ya mitengo italiitali ya mombo pa kamtunda kuseri kwa chipatala. Ndinaima pamenepo chipewa chili m'manja. Amayi anu ndinawauza za tsikulo patapita zaka.

Zaka za wailesi

Kenaka zipatala za kumidzi zinalandira mawailesi oitanirana. Mlongoti wa wailesi ukapindika ndi mphepo panalibe wofuna kukwera. Ine ndinakwera. Katswiri wa ku Mzuzu amene ankabwera mwa apo ndi apo anandionetsa za mabatire ndi sola, ndipo zina ndinaphunzira poononga. Mabwana anandichotsa pa umesenjala n'kundipatsa chikwama cha zitsulo. Ndinakhala cha ku Bolero zaka zingapo, kumene iwe Tiwonge unabadwira, kenaka anandibweza ku Boma. Wailesi inathandiza kuitana ambulansi. Koma zotsatira za magazi sungaziwerenge pa wailesi zipatala zonse zikumva dzina la munthu. Choncho envelopu inapitirira kuyenda.

Chaka chimene anabwera Dokotala Harawa

Anali mwana wa mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya mishoni, ndipo anaphunzira kunja mpaka kutchedwa dokotala. Koma jakisoni sankadziwa kubaya. Udokotala wake unali wa makompyuta. Anabwera ndi pulojekiti yolumikiza labu ndi zipatala za kumidzi. Tsiku loyamba anayala mapu patebulo n'kufunsa kuti ndani amadziwa mapiri amenewa. Mabwana analoza mapu omwewo.

Anati, "Mapu ndili nawo. Ndikufuna munthu amene anatayapo thukuta."

Wina anaseka n'kuti, "Ndiye ndi Chavula. Koma salankhula."

"Amakwera?"

"Ngati nyani."

"Basi. Olankhula ndili nawo okwanira."

Ankanditchula adada Chavula. Ine ndinkati Dokotala. Anandiphunzitsa kumanga mutu wa chingwe cha netiweki, timawaya tisanu ndi titatu, kalikonse ndi mtundu wake ndi malo ake. Zala zangazi ndi za khasu. Ndinaononga mitu yodzaza kapu. Sanakalipe. Ankangodula n'kunena kuti, "Bwerezani." Patatha mwezi, chingwe changa ndi chake sukanasiyanitsa. Iye analemba pulogalamu yakuti wa ku labu akalowetsa zotsatira mu kompyuta, namwino wa kumudzi azione nthawi yomweyo pa kompyuta yake, iye yekha, ndi nambala yake yachinsinsi. Ndinafunsa kuti nanga envelopu. Anati envelopu ipume.

Uthengawo unkayenda m'malere, kuchoka pa dishi kupita pa dishi. Lamulo lake ndi limodzi: dishi iyenera kuona inzake. Kuchoka ku Boma tinalumpha kufika pa phiri, kuchoka apo kudutsa chigwa kufika pa phiri lina la kufupi ndi Katowo, ndipo kulumpha komaliza kunali kuchoka pa phiri limenelo kutsikira ku Chibanjala. Poyeza ngati malo awiri akuonana, Dokotala ankaima uko ndi zoonera patali, ine kuno ndi kagalasi kanga kometera ndevu, ndikuthwanimitsa dzuwa. Akaona kuwala ankaimba foni. Ku Chibanjala tinayeza mu Ogasiti. Anaona. Tinamanga. Tsiku limene zotsatira zoyamba zinatuluka pa kompyuta, namwino wa kumeneko, Mayi Banda a ku Dedza, anazungulira tebulo kukayang'ana kuseri kwa kompyuta ngati kuli munthu. Ine ndinatuluka panja kukamanga chikwama changa, chimene chinali chomanga kale.

Novembala wa chaka chomwecho

Mu Seputembala netiweki ya Chibanjala inayamba kutsimphina. Mu Okutobala inkabwera ndi kupita. Mvula yoyamba itagwa inafa. Zipatala zina zonse zinali bwino. Mayi Banda anati ndi mphenzi. A Makwinja anati wina akuba moto wa mabatire. Ndinasintha chingwe. Ndinasintha batire. Ndinakwera ndi kutsika mpaka mlonda anasiya kundigwirira makwerero. M'mawa wina kutacha bwino ndinatulutsa kagalasi kaja, nditauza mlonda wa dishi ya pa phiri kuti ayang'ane. Ndinathwanimitsa mpaka mkono unawawa. Anati sakuona kanthu. Ndinatsitsa galasi, ndinayang'ana komwe dishi ikuyang'ana. Masamba okhaokha. Tinayeza mu Ogasiti, mitengo ya mombo itayoyola, ndipo kuwala kunadutsa m'nthambi zouma. Tsopano inali itavala, masamba ali onyowa. Mapu a mu kompyuta amaonetsa nthaka, saonetsa mitengo. Dokotala anakhala kunja zaka zambiri. Ine ndinabadwira kuno ndipo ndaona mitengo ikuyoyola ndi kuphuka chaka ndi chaka. Kulakwa kunali kwanga kuposa kwake. Ndipo mitengoyo inali ya pa kamtunda kaja, ya ku manda.

Lolemba a Makwinja anandiitana. Kunali kutabwera uthenga wakuti akuluakulu a ku likulu afika Lachisanu kudzayendera. Pamene netiweki sikugwira, zipangizo azichotsa kupita nazo ku boma lina. Chibanjala ikanabwerera ku envelopu.

"Mwati vuto ndi mitengo," anatero. "Ingati?"

"Isanu ndi umodzi. Mwina isanu ndi iwiri."

"Ndapeza munthu wa makina odulira. Mupite naye Lachitatu."

"Ndi manda, bwana."

"Ndikudziwa manda, a Chavula. Kwathu nakonso aliko, ndipo sitidulako ngakhale chikuni. Koma akufa safuna netiweki. Amoyo ndiwo akuifuna."

"Eni ake mwawafunsa?"

"Tikafunsa, msonkhano wake utha mwezi, ndipo yankho mukulidziwa. Lachitatu ndi tsiku la msika, anthu onse adzakhala ku Katowo. Pobwera adzapeza zatheka. Kupepesa tidzapepesa."

A Makwinja sanali munthu woipa. Ankafuna Chibanjala isataye zipangizo, monga inenso. Koma ine ndinaimapo pansi pa mitengo imeneyo, chipewa m'manja. Komanso ndinkadziwa kuti dishi yoikidwa mwa njira imeneyo siingagone mwezi. Ndipo amayi a m'midzi imeneyo akanasiya kubwera ndi ana awo ku chipatala chimene chinadula manda.

Dokotala anali ku Lilongwe ku msonkhano. Ndinamuimbira. Ndinati tiwonjezere mlongoti utalike pang'ono.

Anati, "Sizithandiza, adada. Uthenga suyenda ngati ulusi. Umayenda ngati mbatata, kumapeto kowonda, pakati ponenepa. Mitengoyo ili pamene wanenepa. Mungafunike mlongoti wotalika kuposa umene tingapeze."

"Nanga tikaukhotetsa?"

"Kudzera pati?"

Ndinamuuza za thanthwe la anyani. Anandifunsa mtunda wake, mbali yake, mtsinje uli kuti. Ndinamva akugogoda kompyuta.

"Pakudutsa," anatero. "Mbali zonse ziwiri, ndipo palibe mtengo ungafike. Munalidziwa bwanji?"

"Ndinkadyerapo mbatata."

"Koma pafunika madishi awiri, ina yoyang'ana ku phiri, ina ku chipatala. Amene tinaitanitsa akali m'njira. Safika chaka chino."

"Awiri alipo."

Anadziwa amene ndikunena. Ofesi ya a Makwinja inali kutsidya kwa msewu, ndipo inkalandira intaneti ndi madishi awiri, ina pa mlongoti wa chipatala, ina pa denga lawo.

"Adada Chavula, angakuchotseni ntchito. Dikirani ndilankhule nawo."

"Akana. Mukamaliza kulankhula likhala Lachisanu."

Kenaka anati, "Tengani cholembera." Anandipatsa manambala a mbali imene dishi iliyonse iyang'ane. Ndinawalemba pa mkono. Anati afika Lachinayi, ndipo mlanduwo tiusenza awiri.

Lachiwiri lomwe lija, mpaka Lachinayi

Nditatsika pa denga, a Makwinja anali atalemba kale kalata yondiimitsa ntchito. Anaidinda ndi mphamvu mpaka tebulo linagwedera. Anatenganso makiyi a galimoto. Wa makina uja anayenera kupita ndi ine, choncho ulendo wake unafera pomwepo. Ya pa mlongoti wa chipatala ndinali nditachotsa kale, choncho anati ndibweze madishi onse awiri. Ndinati ndibweza Loweruka ngati sizigwira, ndipo adzanditengere okha ku polisi. Kalata ndinaipinda n'kuika m'thumba la shati. Ndinakulunga madishi m'matumba a fetereza, ndinakwera matola ya ku Katowo. Kondakitala anafunsa ngati ndikukatsegula vidiyo. Ku Katowo ndinabwereka njinga. Zaka zonsezo, ndinabwereranso pa chitunda chomwe chija ndikukankha.

Munda wa m'munsi mwa thanthwe unali wa a Luhanga. Ndinawapeza akupalira fodya, tsitsi litachita mbuu. Anaimika khasu.

"Tamva kuti mawa kukubwera makina odula mitengo."

"Sakubwera. Ndabwera ndine."

"Mwanyamula chiyani?"

"Madishi. Ndikupempha thanthwe."

"Thanthwe n'la anyani. Kapempheni kwa iwo." Anandiyang'anitsitsa. "Ndinu a envelopu aja."

"Ndine."

"Mwakalamba."

"Nanunso."

Ndinawafotokozera mwachidule. Anafunsa ngati mitengo ikhala. Ndinati ikhala. Anafunsa ngati pepala lizifika tsiku lomwelo. Ndinati lizifika. Anapukuta manja pa buluku n'kupita kukamanga ng'ombe pa ngolo.

Mlongoti tinalibe. Tinazula paipi ya mjigo umene unafa kale kuseri kwa tchalitchi, akulu a mpingo atavomera. Sola ndi batire ndinachotsa pa wailesi yakale ya chipatala imene inali itangokhala. Lachitatu anthu ena sanapite ku msika, anabwera kudzalondera manda ndi zikwanje. Atapeza kuti kulibe wodula, anakwera kuthanthwe kudzaonerera, ndipo a Luhanga anawagwiritsa ntchito. Kuboola thanthwe ndi tchizulo ndi hamala kunatenga tsiku lonse. Tinkasinthana. Amayi anatunga madzi a simenti. Pomanga bokosi la batire a Luhanga anati anyani adzaswa. Ndinati aziwathamangitsa monga amachitira ndi chimanga. Anati ndiye pakhale potchajira foni. Ndinaika.

Lachinayi masana Dokotala anafika pa njinga yamoto ya kabaza, fumbi mpaka m'nsidze, kompyuta atabereka kumbuyo ndi chitenje. Sanapereke moni wautali. Anakhala pa thanthwe, analumikiza chingwe chimene ndinamanga ine. Ndinakwera paipi, lamba m'chiuno. Iye ankawerenga manambala, ine ndinkatembenuza dishi.

"Kumanzere. Pang'ono. Mwapitirira. Bwererani chala chimodzi. Theka la chala. Pomwepo. Musapume."

Ndinamanga nati ndisanapume. Timagetsi tonse tinayaka tobiriwira. Tinachita chimodzimodzi ndi dishi inayo, kenaka ndinapalasa kukatembenuza ya ku chipatala, mlonda wa pa phiri atatembenuza yake motsogozedwa pa foni. Chakumadzulo kunagwa chimvula. Tinabisala pansi pa thanthwe ndi a Luhanga, Dokotala ataphimba kompyuta ndi chitenje, maso ali pa manambala. Mvula inatha. Netiweki sinagwedezeke.

"Yewo chomene, adada," anatero.

Ndinati paipi ikufunika penti.

Lachisanu

Akuluakulu anafika ndi magalimoto awiri, a Makwinja ali nawo. A Makwinja anali asanamve kanthu, chifukwa ku ofesi kwawo kunalibe intaneti ndipo foni zanga sankayankha. Nkhope yawo inali ya munthu wopita ku maliro. Analowa onse m'kachipinda ka Mayi Banda. Mayi Banda analowetsa nambala yawo. Zotsatira zonse zimene zinadikira masabata aja zinatsika pa kompyuta, mzere ndi mzere. Mlendo wina anaombera m'manja. Mayi Banda sanaombe. Anali atagwira mzere umodzi ndi chala.

"Mabwana, tulukani."

Mlendo wamkulu anati akufuna kujambula chithunzi.

"Mujambula bwino lino. Tulukani nonse. Ndili ndi wodwala."

Anatuluka, matayi awo ndi zonse. Mayi Banda anaitana mayi wina amene anakhala pakhonde ndi khanda kumbuyo. Anali atabwera kachitatu kudzafunsa. Analowa, chitseko chinatsekedwa. Mwanayo anayamba mankhwala tsiku lomwelo. Dzina lake sinditchula. Chaka chatha ndinamuona ku Katowo atanyamula thumba la chimanga paphewa.

Zipangizo sizinachotsedwe. Njira yokhotetsa uthenga pa thanthwe Dokotala anailemba m'buku la malangizo, pamodzi ndi lamulo lakuti malo aziyezedwa mitengo ili ndi masamba. Anyamata a ntchitoyi amalitchula lamulo la Chavula. Dokotala anakwezedwa, anapita kukalumikiza zipatala za maboma ena, ndipo kangapo ankatuma galimoto kudzanditenga kuti ndikaone mapiri. Ndinakwera milongoti mpaka mawondo anakana. Paipi ija ikadalipo, ndipo mitengo ya ku manda a Chibanjala yatalika kuposa kale. A Luhanga agona pansi pa mitengoyo tsopano.

Koma ndimalize za Lachisanu. Pakhonde, mlendo wamkulu anafunsa kuti madishi a pathanthwe anachokera kuti, popeza katundu watsopano sanafike. A Makwinja anakonza tayi. Anati monga mkulu wa pulojekiti anaona kuti ofesi ingathe kudikira, koma odwala sangadikire. Anati utsogoleri ndi kudzimana. Alendo anagwedeza mitu, wina analemba m'kabuku. Dokotala anatsegula pakamwa. Ndinamuyang'ana n'kupukusa mutu. Anatseka. A Luhanga, amene anaima kumbuyo ndi foni yawo yodzaza moto, anatsokomola nthawi yaitali.

Alendo atapita kukaona thanthwe, a Makwinja ananditsatira kuseri kwa chipatala kumene ndinkalongedza zitsulo. Analankhula motsitsa mawu.

"A Chavula, mwagwira ntchito."

Ndinapukuta sipanala.

"Kalata ija inalembedwa mofulumira. Musaiwerengere. Lolemba mubwere ku ntchito monga mwa masiku onse. Ingondipatsani ndiing'ambe."

Anatambasula dzanja. Kalatayo inali m'thumba la shati, itanyowa ndi thukuta la masiku anayi, chidindo chikuonekera pa nsalu. Ili m'sutikesi yakuda, pansi pa satifiketi ya ubatizo wanga. Mukadzaipeza musadzataye.

"Komanso," anatero, dzanja likadali m'malere, "dishi yanga ibwera liti?"

Ndinaika sipanala m'chikwama. Ndinamanga zingwe zake zonse ziwiri. Ndinakoleka paphewa, ndinatenga chitini cha penti, n'kulowera njira ya kuthanthwe.